Munda Umene Ndinauchepetsa ndi Pensulo

Area 4, Lilongwe
Lamulungu masana

Esinati mwana wanga,

Amayi ako akusita zovala zako m'nyumbamu ndipo anditulutsira pakhonde, ati ndikungozungulira ngati nkhuku yofuna kuikira. Ndiye ndakhala pansi ndi pepala. Basi ya ku Blantyre inyamuka mawa m'mawa, mayeso ako olowera kukoleji ya zaumisiri ndi Lachinayi, ndipo pali zinthu zimene ndalephera kukuuza pakamwa. Ukudziwa mmene zimathera ife tikakhala patebulo limodzi ndi samu. Ine ndimayamba kukweza mawu, iwe umazolika n'kumangoti "ee bambo" ngakhale pamene sunamve kanthu. Papepala sindingakweze mawu. Ukawerenge kalatayi m'basi, ndipo ukaiwerengenso ukakafika kwa azakhali ako ku Chilomoni.

Choyamba ndikukumbutse pamene nkhani yako yaima, poti amayi ako amakonda kuifewetsa. Amalume ako a Binwelo anakupezera malo otayipa makalata kumaofesi atsopano a ku Capital Hill. Mayi woyang'anira otayipa kumeneko amapemphera nawo mpingo umodzi, ndipo anavomera kusunga malowo mpaka mwezi uno utatha. Ine ndinafuna kuti ukayese maphunziro a kuyeza malo ndi misewu, amene iwe mwini unapempha. Tinakangana sabata yathunthu. Amalume ako anandikumbutsa mwaulemu, atakhala pampando wanga, kuti ana a mlongo wawo ndi mbumba yawo ndipo ine ndine mkamwini, kaya kumudzi kaya m'tauni. Mwambo uli kumbali yawo, ndipo lole yawo yonyamula njerwa imamveka patali kuposa belu la njinga yanga. Tinagwirizana kuti ukalembe kamodzi. Ukakhoza, upite kukoleji. Ukalephera, ubwerere udzakhale pa makina otayipira, ndipo nkhani ya sukulu isadzatchulidwenso m'nyumba muno. Kamodzi, Esinati.

Dzulo uli kumsika ndinatenga kope lako la samu zoyeserera. Usakwiye, linali pamwamba pa kabati, silinabisidwe. Zambiri zili bwino, ndipo zina ukundiposa. Koma pa samu zofunsa kukula kwa malo pa girafu, zija amakupatsa manambala a makona kapena timizere tiwiri toimirira, pa zisanu unakhoza imodzi. Zinayi zolakwazo ndinaziyang'ana nthawi yaitali. Si umbuli ayi, njira ukuidziwa. Vuto ndi lakuti pa masamba onsewo palibe pamene unajambula chithunzi ngakhale chimodzi. Unangothamanga ndi manambala. Matenda amenewa ndikuwadziwa chifukwa unatengera ine, ndipo andizunza zaka makumi awiri mu ofesi yojambula mapu. Ndikufotokozera mmene anandizunzira, mwina udzawaopa kuposa mmene umaopera mawu anga.

Chaka choyamba titasamuka ku Zomba kubwera kuno, City Centre ili fumbi lofiira lokhalokha, zikhomo ndi mathirakitala, a Msiska, amene ndi mkulu wa ofesi yathu, anandituma kulemba kakalata kopita kwa kapitawo wokumbitsa ngalande pamsewu wina watsopano ku Area 9. Ndinalemba kuti ngalande ikhale mapazi makumi atatu kuchokera pakati pa msewu. Basi. Pamapu anga inali kumadzulo, kumene madzi amatsikira, ndipo m'mutu mwanga munalibe mbali ina. Patapita masiku atatu tinapita kukaona. Anthu anali atakumba ngalande yokongola, yowongoka ngati lula, koma kum'mawa, kumtunda kumene madzi sangakwere ngakhale utawapempha. Ndinayamba kumukalipira kapitawo uja. Iye anadikira kuti ndimalize, anatulutsa kapepala kanga m'chipewa, n'kukatambasula bwinobwino.

"Bambo, mapazi makumi atatu alipo kuno, aliponso uko," anatero. "Inu simunasankhe, ndiye ife tinasankha kumene kuli mthunzi."

Anthu ake anaseka mpaka kutsamira mafosholo. Ngalande ija anaikwirira n'kuyambanso tsidya linalo, ndipo mpaka lero kapitawo ameneyo akandiona amandifunsa kuti kodi lero tikumba kuti.

Timizere tiwiri toimirira tija, timene aphunzitsi ako amati absolute value, ndi chimodzimodzi kapepala kanga kaja. Timanena mtunda, sitinena mbali. Akalemba |x| = 3 akunena kuti masitepe atatu kuchokera pakati, ndipo masitepe atatu alipo kumanja, aliponso kumanzere. Iwe m'kope mwako kawirikawiri umatenga kumanja kokha, kopanda mayinasi, n'kupitirira. Anthu olemba mayeso amawadziwa ana ngati iwe. Yankho la munthu wothamanga amaliika dala pamndandanda wa mayankho, kuti ukaliona mtima ukhale pansi, uchonge, upite.

Tenga samu yachitatu m'kope lako, ija yakuti |x| + |y| = 4, pezani kukula kwa malo otsekeredwa m'katimo. Iwe unangochotsa timizere n'kulemba x + y = 4. Unapeza kagawo ka makona atatu, pa (0,0), (4,0) ndi (0,4), n'kuyankha 8. Eyiti ameneyo si wabodza, koma ndi chipinda chimodzi cha nyumba ya zipinda zinayi. x akhoza kukhala ndi mayinasi, y nayenso akhoza. Ukanajambula ukanaona makona anayi, pa (4,0), (0,4), (−4,0) ndi (0,−4), sikweya yoimira pa kona imodzi. Zipinda zinayi, chilichonse 8, yankho 32. Inali ntchito ya mphindi imodzi ndi pensulo. Jambula kaye, Esinati.

Koma usachoke pano ndi lamulo lakuti ukaona timizere uzichulukitsa ndi folo. Ndakuona kuti umakonda malamulo achidule, ndipo ine ndinkawakondanso. Zipinda zinayi zimabwera pamene x ndi y onse awiri ali m'timizere ndipo palibe mzere wina wodula. Samu yachinayi ija, ya y = |x − 2| ndi y = 3, ilibe zipinda zinayi. Muli chinthu chonga V, nsonga yake ili pa (2,0), pamene za m'kati mwa timizere zasanduka ziro. Uziyamba wafuna malo amenewo, chifukwa ndiye pokhotera. Kenako ufunse kuti mzere wa y = 3 ukudula V pati. Pamenepa ndikuyamikire, mbali zonse ziwiri unazipeza, pa 5 ndi pa −1. Koma unalemba kuti kuchoka pa −1 kufika pa 5 ndi masitepe anayi. Ika chala pamzere uyende ukuwerenga, upeza asanu ndi limodzi. Theka la 6 kuchulukitsa ndi 3, yankho 9. Ntchito yonse yovuta unali utaimaliza, n'kudzagwa pamene mwana wa sitandade 5 sangagwe, chifukwa panalibe chithunzi choti chikutsutse.

Ku Zomba, iwe uli kumsana kwa amayi ako, kuntchito kwathu kunabwera mayeso. Wopambana ankatumizidwa kukaphunzira usaveya weniweni, ntchito yoyeza malo, ena tonse n'kutsala pa desiki. Aliyense mu ofesi ankati malo amenewo ndi anga, inenso ndinkatero. Funso lomaliza ndikulikumbuka ngati nambala ya nyumba yanga. Anapereka makona atatu, (0,0), (4,0) ndi (1,k), anati kukula kwa malowo ndi 6, pezani k. Ndinalemba 3 mosaganiza kawiri. Ndinatuluka kutatsala theka la ola, ndikugogoda nsapato pasimenti kuti ena amve. M'holomo munatsala munthu wina wa ku Rumphi, wochedwa pa chilichonse, amene tinkamuseka kuti amasongola pensulo ngati akupemphera. Iye anakhala mpaka belu. Anajambula, n'kuona kuti kona yachitatuyo ikhoza kukhala pamwamba pa mzere kapena pansi pake, kukula kwa malo n'kukhala komweko. Analemba 3 ndi −3. Munthu ameneyo ndi a Msiska omwewa. Lero amakhala ku Area 9, m'nyumba yobisika m'mitengo, ndipo ine ndimapalasa njinga kuchoka kuno, kuwoloka Lingadzi, kukafika iwo asanafike kuti akapeze mapu ali patebulo. Sindikunena kuti mayinasi imodzi ndiyo inachita zonsezi. Munthuyo ndi wakhama, ndi mkulu wa mpingo weniweni, ndipo sanandichitirepo chipongwe. Koma mayeso amenewo sanabwerenso ine ndili pa msinkhu wololedwa kulemba. Choncho akakupatsa kukula kwa malo n'kukufunsa nambala yosowa, dziwa kuti mayankho kawirikawiri amakhala awiri. Uwapeze onse, kenako uwerengenso funso uone ngati akufuna onse kapena anena mbali.

Tsopano nkhani imene sindinakuuzepo, imene ngakhale amayi ako amaidziwa theka. Pamene ankasamutsa midzi imene inali pamene pali maofesi lero, ntchito yanga inali kuwerengera kukula kwa minda ya anthu, kuti kumene akupita akapatsidwe malo olingana ndi amene asiya. Asaveya ankapita kutchire, ankakhoma mabikoni, zikhomo za malire, pamakona a munda uliwonse, n'kubweretsa buku la manambala. Ine ndinkachulukitsa mopingasa monga momwe mwaphunzirira kusukulu: x wa kona ino ndi y wa kona yotsatira, kuchotsapo y wa kona ino ndi x wa yotsatira, kuzungulira choncho mpaka kubwerera poyambira, kuwonkhetsa zonse, kutenga theka. Ukazungulira mbali imodzi yankho limabwera labwinobwino. Ukazungulira mbali inayo limabwera ndi mayinasi, ndipo umangoichotsa, poti munda wa mayinasi kulibe. Ndi chifukwa chake m'buku lako njira imeneyi anaitsekera m'timizere. Lamulo la ofesi linali lakuti munda uliwonse uyambe wajambulidwa pa girafu usanawerengedwe. Ine sindinkajambula. Ndinkamaliza minda khumi anzanga ali pa wachinayi, ndipo ndinkakonda kuti zidziwike.

Munda wa a Chimbalanga unali wa makona anayi. Tsiku limene ankauyeza, pa mtengo wa pafupi ndi kona yachitatu panali njuchi zolusa. Asaveya atamaliza kona yachiwiri anadula pakati pa munda kupita ku yachinayi, n'kudzamaliza ndi yachitatu ija dzuwa litapendeka, njuchi zitazizira. Manambala anawalemba m'buku monga momwe anayendera, ndipo m'mphepete mwa tsamba analemba ndi pensulo kuti makona awiri omalizawo asinthanitsidwe. Ine m'mphepete sindinayang'anemo. Ndinatenga manambala momwe anandandalikira. Yankho linabwera laling'ono, lili ndi mayinasi kutsogolo. Ndikukumbuka kuti ndinaima pang'ono, pensulo ili m'mwamba. Kenako ndinafufuta mayinasi ija monga mwa lamulo, ndinalemba ekala imodzi ndi theka, n'kutenga munda wina.

Mvula yoyamba itagwa, paofesi panafika bambo wina wamtali, woyenda wapansi, atavala jekete ya kutchalitchi. Amesenjala anawakhazika pabenchi tsiku lonse, mawa lakenso chimodzimodzi. Tsiku lachitatu a Msiska anawaona n'kuwalowetsa. Anali a Chimbalanga. Sanakweze mawu. Anati iwo maekala sawadziwa, koma munda wawo wakale, iwo, akazi awo ndi mwana wawo wamkulu ankaugalauza sabata zitatu. Umene apatsidwawu anauyamba Lolemba, ndipo Loweruka m'mawa anali atakhala pansi akuyang'anana, makasu ali pambali. Anafunsa ngati boma lapeza njira yoti chimanga chizimera pamwamba pa chinzake, kuti nawonso auzidwe asanadzale.

A Msiska anaitanitsa buku la kutchire ndi pepala langa. Anatenga girafu, anaika timadontho tinayi, n'kutilumikiza motsata mndandanda umene ine ndinatsata. Panatuluka chinthu chonga mapiko a gulugufe, zigawo ziwiri za makona atatu zokhudzana pansonga. Chigawo chimodzi chinali chitawerengedwa mowonjezera, chinacho mochotsera, zinadyana, ndipo kotsalako ndi kamene ine ndinakatcha munda wa munthu. Anandikankhira pepalalo patebulo n'kufunsa motsitsa, ndi Chichewa chawo chakumpoto chija.

"A Phiri, munda uwu mwini wake amalowera pati?"

A Chimbalanga anasuzumira nawo pepalalo. Anati iwo munda wotere sanauonepo chibadwire, koma ngati akuluakulu akuti ndi wawo, ndi wokongola ndithu.

Kukonza pepala kunatenga mphindi zisanu. Anali maekala asanu. Kukonza pansi ndiye kunakanika, chifukwa malo onse ozungulira kamunda kawo katsopano anali atagawidwa kale, anthu atadzala. Makalata anayenda chaka chathunthu, ine ndemwe ndinkawalemba, a Msiska n'kumasaina. Pomaliza anawapatsa chigawo china chotsetsereka, cha miyala, ulendo wa maola awiri kuchokera pamene anamanga. Sanakalimeko. Mwana wawo uja anapita kukagwira ntchito ku esiteti ya fodya. Iwo lero amakonza njinga pansi pa mtengo ku Area 1, kufupi ndi kokwerera basi. Mwina mawa uwaona, ndi aja amavala jekete ngakhale kutenthe bwanji. Njinga yanga imakonzedwa ndi iwo, sindipita kwina, ngakhale amachedwa ndipo zigamba zawo sizikhalitsa. Nthawi zonse amandilonjera mwaulemu kuti "Mwaswera bwanji a mapu?" Za munda sanazitchulepo. Ndikanakonda akananditukwana kamodzi.

Chimene ndikufuna utolepo n'chakuti timizere tija timachotsa mayinasi, koma cholakwa timachisiya momwemo, ndiponso timachiveka zovala zoyera. Nambala iliyonse ikatuluka m'timizere imaoneka ngati yankho. Yesa wekha m'basi, kuseri kwa kalatayi ndasiya malo. Tenga (0,0), (4,0), (4,3), (0,3). Ukachulukitsa mopingasa upeza 12, ndipo ndi zoona, ndi chipinda cha 4 m'litali ndi 3 m'lifupi. Tsopano sinthanitsa makona awiri omalizawo uchitenso. Upeza ziro. Chipinda chonse chasowa, iwe usanalakwitse kuchulukitsa ngakhale kamodzi. Makona akakhala atatu vutoli palibe, uyambire kulikonse, chimene chisinthe ndi mayinasi yokha. Akakhala anayi kapena kuposa, usakhulupirire mndandanda wa pa pepala la mayeso, chifukwa nthawi zina amausokoneza dala. Ika timadontho, uzungulire m'malire monga munthu woyendera munda wake, osadula pakati. Samu yachisanu m'kope lako unagwera pamenepa ndendende. Nditaiona ndinatseka kope n'kupita kukathirira matimati.

Ukapeza yankho usathamangire funso lina. Jambula bokosi lozinga chithunzi chako, uwerenge kukula kwa bokosilo, zimenezo n'zosavuta. Yankho lako silingapose bokosi. Ndipo ngati chithunzi chadzaza pafupifupi bokosi lonse koma yankho lako ndi kachidutswa chabe, penapake zadyana. Diso limadziwa zimene manambala amabisa. A Chimbalanga sanapite kusukulu, koma ndi khasu anadziwa m'masiku asanu chimene ine ndi satifiketi yanga sindinachione. Mayinasi ikabwera pamapeto, usanaifufute ima kaye udzifunse kuti yachokera kuti. Ngati ndi chifukwa cha mbali imene wazungulira, ichotse ndi mtima umodzi. Ngati sukudziwa, bwerera ku chithunzi. Jambula kaye, ndanena, ngakhale uone kuti nthawi ikutha.

Za m'holo ya mayeso. M'sutikesi mwako ndaikamo mapensulo awiri a kuofesi osongola kale, lula yachitsulo ndi wotchi yanga. Wotchiyo imathamanga ndi mphindi zisanu, usaikonze. Udzapeza kuti anyamata ndi ambiri, atsikana mwina awiri kapena iwe wekha. Ena adzakuyang'ana ngati wasochera khomo. Asiye ayang'ane, nthawi imene akuwononga ndi yawo. Kukatsala theka la ola udzamva mipando ikukokedwa ndi nsapato zikugogoda, ena akutuluka monyada. Mtima udzakuuza kuti iwe ndiwe wotsalira. Usanyamuke. Anthu amenewo ndikuwadziwa bwino. Ukhale mpaka akulande pepala, ndipo mphindi zomalizazo ubwerere pa funso lililonse lokhala ndi timizere, uone ngati mbali ya kumanzere ndi ya pansi unaziyendera. Funso likakukanika ulisiye upite kwina, koma usiye chithunzi chake chili chojambula. Nthawi zambiri pobwerera umapeza kuti chithunzicho chayamba kale kuyankha.

Azakhali ako ndi munthu wabwino, koma pakamwa pawo sipazizira. Adzafuna kukuonetsa kwa anansi onse a ku Chilomoni kuti uyu ndi mwana wa mchimwene wanga wa ku likulu, adzafuna kukutengera ku mapemphero a amayi ndi kumsika wa ku Limbe. Uwauze mwaulemu kuti zonsezo zikhale Lachisanu. Uwathandize ntchito za m'mawa, usakhale mlendo woti azikuphikira. Lachitatu upite ukaone pamene pali holo ndi basi yake, uwerenge mphindi za ulendo, kuti Lachinayi usakafunse njira kwa anthu. Lachitatu lomwelo ukadya chamasana utseke mabuku. Zimene sunadziwe pofika nthawi imeneyo sudzazidziwa pofika m'mawa, udzangodzichititsa mantha. Amuna awo a azakhali ako adzakufunsa kuti mtsikana akufuna chiyani kutchire ndi matcheni oyezera. Useke pang'ono, usayankhe. Ine ndinawayankha kale chaka chatha ndipo mpaka lero sitilemberana.

Ndatopa, mwana wanga, ndipo sindikubisa. Maso ayamba kukana timanambala ta m'mabuku a kutchire, ndipo phiri la pambuyo pa Lingadzi chaka chino ndayamba kulikwera ndikukankha njinga. Mzinda uno ndaujambula kuyambira uli tchire. Ndikudziwa kukula kwa puloti iliyonse ya m'ma Area a akuluakulu, ndikudziwa pamene mpanda wa yani wadya malo a msewu, koma m'nyumba zimenezo sindinalowemo kupatula pakhomo la kuseri popereka mapu. Sindikudandaula, ndi ntchito, ndipo yakulera. Ndikungofuna udziwe kuti sindinafike pamenepa chifukwa chopanda nzeru. Aphunzitsi anga ankanditchula poyamba m'kalasi. Kufulumira n'kokoma, anthu amakuyamika, ndipo palibe amene amakuuza kuti wasiya mbali ina mpaka mwini wake atafika pabenchi.

Chomaliza, ndipo ichi uchisunge wekha mpaka nditakuuza. Lachisanu pa nthawi ya nkhomaliro ndinakwera ku Capital Hill, ndinafunsa ofesi ya otayipa, ndinawapeza mayi aja. Ndinawathokoza chifukwa cha kukoma mtima kwawo, n'kuwauza kuti malo amene akukusungira apatse wina. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kufunsa ngati a Binwelo akudziwa. Ndinati ine ndine bambo ake a mwanayo. Anati zimenezo sanafunse. Kenako anatsegula kabuku kawo, anati pali atsikana ena amene akhala akubwera tsiku ndi tsiku, ndipo dzina lako analikhwatcha ine ndisanafike pachitseko.

Choncho pangano lija ndaliphwanya ndine, osati iwe. Usaganize kuti ndachita zimenezi chifukwa ndatsimikiza kuti ukhoza. Kope lako ndaliona, ukhoza kukhoza, ukhozanso kulephera. Ndachita chifukwa ndinavomera mawu akuti kamodzi ndili wotopa, ndikufuna kuti mlendo anyamuke pampando wanga, ndipo kuyambira tsiku limenelo mawuwo sanandipatse mtendere. Ine ndinapatsidwa kamodzi, ndikudziwa kukula kwake. Ukalephera udzabwerera kuno, udzakhala chaka chino pakhomo, tidzakhala patebulo ndi girafu Loweruka lililonse, ine ndidzayesetsa kutsitsa mawu, ndipo chaka chamawa udzalembanso. Sichidzakhala chaka chokoma. Anthu adzalankhula, ndipo ena mwa iwo adzakhala akunena zoona.

Amayi ako ndiwauza mawa basi yako ikanyamuka, pobwerera kunyumba, pamsewu pamene sangakuwe kwambiri. Lachiwiri ndikaweruka ndipita kwa amalume ako ndisanafike kuno, kuti asakamvere kutchalitchi. Ndikudziwa mmene zikayendere. Adzaitanitsa ankhoswe, nkhani idzafika kumudzi, ndipo ndidzakumbutsidwa pamaso pa anthu chimene ndili m'banja lino. Ndikakhala pamene andilozere, ndikamva zonse mpaka amalize, ndikapepesa pamene pafunika kupepesa. Malo aja okha sindingawabweze, atengedwa kale. Zimenezo undisiyire ine. Zako zili Lachinayi.

Uyende bwino, Mulungu akutsogolere.

Ndine bambo ako,
L. Phiri